Maganizo amachiritsa, kapena amangotonthoza?

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi funso, koma chonde tisanyozane. Alamu anga atumiza kavidiyo pa gulu la pabanja. Bambo wina wa suti yonyezimira akuti matenda onse amayambira m'mutu, ndiye ukangokonza maganizo thupi limadzikonza lokha, kaya ndi shuga, BP, ngakhale khansa imene. Alamuwo akuti asiya mapiritsi a BP, ati kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku n'kuvomereza kuti ndiwe wodwala. Ine zina zikundigwira mtima ndithu, poti nkhawa ya fizi ya ana ikandipanikiza mutu umandiwawa, tulo osabwera. Koma mpaka kusiya mankhwala? Odziwa tithandizeni.

Malume a ku Joni: Muonetsetse kumapeto kwa kavidiyoko. Ngati sakugulitsa buku ndiye kuti akugulitsa tiyi wa masamba kkkk

Make Tadala: Semina, malume. Yolipira pakhomo.

Malume a ku Joni: Basi mwadziyankha nokha.

Anesi NaPhiri: Make Tadala, tisanapite patali, aimbireni alamu anuwo lero lomwe. BP siuza munthu. Amalima, amaseka, akumva kuti ali bwinobwino, kenako m'mawa wina kapu yapulumuka m'manja, pakamwa papindika, mawu sakutuluka. "Ndikumva bwino" si muyeso. Muyeso ndi kalamba kaja timamanga pamkono.

Koma kuti m'mutu muli mphamvu, zimenezo sindikana, ndimaziona ku OPD, komwe timaona odwala osagonekedwa. Agogo amafika atawerama, akubuula, mdzukulu atawagwira dzanja. Akapeza dokotala woti wawapatsa moni bwino, wawamvetsera pamtima, wagwira pomwe akuti pakupweteka, amatuluka ataweramuka asanalandire ndi panado yemwe. Akapeza wolemba chiweramire osawayang'ana kumaso, amatuluka akung'ung'udza kuti "sanandiyeze n'komwe," ndipo mankhwala omwewo amadzati sakugwira. Nanga za jakisoni si mukuzidziwa? Kumudzi munthu ukamupatsa mapiritsi okha amaona ngati wamupeputsa.

Dokotala Wamawa: Zomwe anesi akunenazo kusukulu timazitcha placebo: piritsi kapena jakisoni wopanda mankhwala alionse, koma wodwala n'kumvadi kusintha. Ndipo sikuti akunama. Mu 1978 ku San Francisco, akatswiri atatu, Levine, Gordon ndi Fields, anatenga anthu omwe angowazula mano a kumapeto aja. Atawapatsa placebo, ena ululu unachepadi. Kenako anawabaya naloxone osawauza kuti n'chiyani. Amenewa ndi mankhwala otseka njira yomwe morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, amagwirira ntchito m'thupi. Ululu uja unabwerera. Apa m'pomwe zinaoneka kuti ubongo ukayembekezera thandizo umatulutsa timankhwala take tochepetsa ululu, ma endorphin, ndipo naloxone anatseka timeneto.

China chodabwitsa chinachitika ku Houston, zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Odwala nyamakazi ya m'bondo okwana 180. Ena anawachita opaleshoni yeniyeni yotsuka m'bondo, ena anangowacheka pakhungu n'kusoka. Patatha zaka ziwiri, ongochekedwawo sanasiyane ndi anzawo aja pa ululu kapena kayendedwe.

Malume a ku Joni: Ndiye boma likuvutikiranji kusaka forex yogulira mankhwala? Tipemphe choko kwa aphunzitsi, tiumbe mapiritsi, nkhani yatha.

Dokotala Wamawa: Kkkk malume dikirani, mbali yoopsa ikubwera. Mu 2011 ku Boston anayesa odwala mphumu. Tsiku lina amawapatsa mankhwala enieni opopera mkamwa, albuterol, tsiku lina kopopera kopanda mankhwala, tsiku lina osawapatsa kanthu. Akawafunsa kuti mukumva bwanji, mankhwala enieni amati athandiza ndi 50 peresenti, kabodza kaja 45 peresenti, pomwe tsiku losalandira kanthu 21 yokha. Ukangomva pakamwa pa wodwala, kabodzako kakugwira ntchito mofanana ndi mankhwala. Koma atawauza kuti auzire mpweya m'makina oyezera mapapo, mankhwala enieni anatsegula njira za mpweya ndi 20 peresenti, kabodza kaja 7 yokha, chimodzimodzi ndi tsiku losalandira kanthu. Munthu akuti ndikupuma bwino, mapapo ali otsekeka.

Anesi NaPhiri: Ameneyo ndi amene amatifikira usiku atanyamulidwa pa njinga, milomo itada.

Aphunzitsi Opuma: Ana inu, choko changa musachikhudze. Ndiloleni ndikukumbutseni zomwe ambiri pano munali musanabadwe kapena munali pamsana. Chaka cha 1995 ndinkaphunzitsa chakufupi ndi msewu wolowera ku Liwonde. Kunamveka kuti kwa Chikamana, m'boma la Machinga, bambo Billy Goodson Chisupe alota mtengo wochiza Edzi. Mankhwalawo anthu anawatcha Mchape. Musaganize kuti ankapita ndi osaphunzira okha ayi. Malole, mabasi, magalimoto a mabwana, aphunzitsi anzanga, anthu masauzande osawerengeka, aliyense kukamwa kapu yake ya madzi ofiirira. Nthawi imeneyo kuchipatala kunalibe chokupatsa. Ukapezeka nako kachilombo amangoti pita ukadye bwino. Ndiye munthu akabwerako ku Machinga amabwera wina: akudya nsima, akuseka, wayambanso kupita kumunda. Ine ndinaona ndi maso anga, sindikuuzidwa. Chiyembekezo chinawadzutsa pamphasa.

Koma maliro sanaleke. Amene ndinkawadziwa omwe anali odwaladi tinawaika m'manda mmodzimmodzi. Amene ali moyo lero ndi omwe anapirira mpaka 2004, pomwe ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Zangati zomwezi zinadzachitikanso ku Tanzania mu 2011, kwa m'busa wopuma Ambilikile Mwasapile wa ku Loliondo, anthu kufola mtunda wautali chifukwa cha kapu imodzi. Ine sindiseka amene anapita. Ukamira umagwira chilichonse. Ndikungoti bambo wa suti uja si woyamba.

Mnyamata wa Mapemphero: Ndi ulemu wonse adadi, mukuyankhula ngati Mulungu kulibe. Ife taona anthu akuchira pa mapemphero. Vuto anthu amapemphera uku akukayika, dzanja lina lili pa botolo la mapiritsi. Chikhulupiriro chikakhala chathunthu palibe nthenda yokanika.

Amayi a Mvano: Mwana wanga, ine ndakhala ndikuyendera odwala kuyambira usanayambe sukulu, ndipo pemphero sindilisiya. Tikalowa m'nyumba ya wodwala, kumuimbira nyimbo, kumusambitsa, kumuphikira phala, nkhope imasintha pomwepo. Amene amakana chakudya amayamba kulandira. Zimenezo ndi zoona ndipo wina asandiuze kuti n'zachabe. Koma ndaikanso m'manda atsikana awiri omwe anauzidwa kuti atayire ma ARV m'chimbudzi posonyeza chikhulupiriro. Wowauzayo pa maliro sanabwere. Ife a mvano tikamatuluka m'nyumba ya wodwala timafunsa kuti mankhwala mwamwa? Tsiku la kuchipatala ndi liti? Ndalama yoyendera ilipo? Nzeru za dokotala anapereka ndani, si Mulungu yemweyo?

Mnyamata wa Mapemphero: Sindinanene kuti ataye mankhwala amayi.

Amayi a Mvano: Wanena kuti wogwira botolo ndi wokayika. Wodwala akamva zimenezo achita chiyani?

NaBanda wa ku Ndirande: Ine ndimangowerenga pagulu pano osalemba, koma lero ndilankhule. Achemwali anga anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Munthu wolimba mtima ngati ameneyo sindinamuonepo. Ankaseka ndi manesi, ankalimbikitsa odwala anzake mu wodi, ankapemphera m'bandakucha uliwonse. Atafooka, kunabwera anthu kudzawauza kuti "mukuganiza za imfa n'chifukwa chake simukuchira," ena "pali tchimo lomwe simunaulule." Usiku wina anandifunsa kuti, "Kodi iwe, ndine ndikulakwitsa?" Munthu akumva ululu wosaneneka, ndiye mwamusenzetsanso mlandu woti akudzipha yekha ndi maganizo. Chiphunzitso chimenechi chimaoneka chokoma ukakhala wathanzi. Kwa amene sakuchira n'chankhanza.

Make Tadala: Pepani kwambiri asisi 😢

Amayi a Mvano: Pepa mwana wanga. Sanalakwitse kanthu.

Dokotala Wamawa: Pepani a NaBanda. Ndipo funso la achemwali anulo akatswiri analifufuza. Mu 1989, David Spiegel wa ku Stanford anatulutsa zotsatira zoonetsa ngati amayi odwala khansa ya m'mawere omwe ankakumana m'magulu olimbikitsana amakhala moyo nthawi yotalikirapo. Nkhaniyo inafala kwambiri, ndipo olankhula m'masemina ena akudyerabe pomwepo. Koma ku Canada atabwereza ndi amayi 235, zotsatira za mu 2001 zinaonetsa kuti masiku a moyo sanawonjezeke. Chomwe chinasintha n'chakuti amayi a m'maguluwo nkhawa inachepa ndipo ululu ankaumva mocheperako. Chimenecho si chaching'ono kwa munthu wodwala. Koma chotupa sichimva kuti mwini wake akuseka kapena akulira.

Anesi NaPhiri: Ndipo amayi muli pano, khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka msanga imachizika. Kuyezetsa sikutenga nthawi. Atsikana a zaka 9 akulandira katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, musawabise.

Asisi a ku Leeds: Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Ine kuno ndimasamalira okalamba, ndipo ndikufuna titembenuze nkhaniyi. Tikukamba za maganizo kuchiritsa, koma mbali yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya maganizo kudwalitsa. Pa maphunziro athu anatiuza za kafukufuku wa ku Ohio wa mu 1995. Anatenga amayi 13 osamalira abale odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndi amayi ena 13 a msinkhu womwewo opanda mtolo umenewu. Onse anawacheka kabala kakang'ono kofanana pamkono. Kwa osamalira odwala aja, kabalako kanatenga masiku pafupifupi 9 owonjezera kuti kapole. Bala lenileni, loyezeka ndi maso. Nkhawa yosatha imakweza cortisol, timadzi tomwe thupi limatulutsa munthu akapanikizika, ndipo chitetezo cha m'thupi chimagwira ntchito mwaulesi.

Nditamva ndinaganiza za magadiyani a kwathu. Ndani amawafunsa kuti mukupeza bwanji?

Anesi NaPhiri: Palibe. Gadiyani amagona pa chitenje pansi pa bedi, m'mawa kukacha amatulutsidwa kuti tikolope, amakakoleza moto ku khitchini ya magadiyani ndi nkhuni zogula, kuchapa zofunda, kutaya mtsuko, uku foni ikulira kuti kunyumba ufa watha. Wodwala akatuluka, mwezi wotsatira amene timamugoneka ndi gadiyani uja.

Malume a ku Joni: Apa ndasiya nthabwala. Kuno anyamata ambiri akudwala zomwezo. Pepala latha, bwana sakulipira, kumudzi akuyesa uli ndi mgodi wako. Munthu amayamba kudandaula mtima kuthamanga, chifuwa kubanika, akapita ku kiliniki amati palibe chomwe tapeza. Ndiye amayamba kuganiza kuti kumudzi amulodza, mantha aja n'kumuwonjezera matenda.

Dokotala Wamawa: Mantha amadwalitsadi malume, ndipo "palibe chomwe tapeza" sizitanthauza kuti munthuyo akunamizira. Ku London mu 2020 anayesa anthu 60 omwe anasiya mapiritsi otsitsa mafuta m'magazi, ma statin, chifukwa amati akuwapweteka m'thupi. Anawapatsa mabotolo osiyanasiyana mwezi ndi mwezi: ena a mankhwala enieni, ena a mapiritsi opanda kanthu, ena opanda piritsi n'limodzi lomwe. Pafupifupi 90 peresenti ya zowawa zomwe ankamva pa mankhwala enieni ankazimvanso pa mapiritsi opanda kanthu. Kungomeza chinthu chomwe ukuchiopa kumakwana. N'chifukwa chake mphekesera za pa WhatsApp zokhudza mankhwala zimapweteka anthu kawiri.

Achemwali a ku Harare: Moni kumudzi konse. Ine agogo anga anachokera ku Dedza, ndinabadwira kuno ku Mbare, ndiye Chichewa changa mukhululuke. Zomwe mukufunazo, mphamvu ya maganizo yopanda bodza, ife tili nazo pakhomo. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, amafotokoza kuti wodwala wake wina wamkazi anadzipha chifukwa kwawo kunali kutali ndipo banja linalibe ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala. Madokotala a mtundu wake m'dziko lonse anali owerengeka pa zala. Ndiye mu 2006 anayamba ndi agogo aakazi 14 kuno ku Mbare, kuwaphunzitsa, n'kuwakhazika pa benchi la matabwa kuseri kwa kiliniki. Amalitcha Friendship Bench.

Agogowo sakuuza kuti "limba mtima" kapena "osaganiza kwambiri." Amakumvetsera mpaka utsirize, ulire ngati ukulira. Kenako amati pa mavuto onse watchulawa, tisankhe limodzi. Kaya ndi lendi, kaya mwamuna womenya, kaya kuopa kuulula za kachilombo. Limodzi lokha. Mumaganizira limodzi njira zomwe zilipo, wekha usankhe yoti uyese sabata imeneyo, ndiye ubwere udzanene zomwe zachitika. Maulendo asanu ndi limodzi. Atayesa ndi anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa omwe anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa anzawo omwe sanakhalepo anali theka lathunthu.

Amayi a Mvano: Ha! Agogo enieni ngati ine?

Achemwali a ku Harare: Enieni amayi, a duku kumutu. Koma ophunzitsidwa, ndipo amadziwa kuti uyu wandikulira, ndimutumize kwa nesi. Wina akamakamba zodzipha sasungidwa pa benchi.

Anesi NaPhiri: Njira imeneyi ayiyesanso m'zipatala zina kuno kwathu, makamaka kwa omwe ali pa ma ARV. Phindu lake limapitirira m'mutu. Munthu wokhumudwa amadumphitsa mankhwala, saona chifukwa chodzukira kupita kukatenga ena. Mtima ukakhala m'malo amamwa mwandondomeko, tizilombo timachepa m'magazi. Ndiye ukafuna kunena kuti maganizo amupulumutsa, nena, koma anadzera pa botolo lomwe lija mwana wa mapemphero amalinena. Ndipo matenda a maganizo akakula ali ndi mankhwala ake. Ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu sikopita "amisala" okha monga timanyozera.

Wa Kabaza: Mabwana ndi madona, ine funso langa si la matenda. Ndimamvera mavidiyo olimbikitsa aja m'mawa uliwonse ndisanatulutse njinga. Amati uzinena pagalasi kuti ndine wolemera, ndine wopambana. Ndanena mpaka galasi landizolowera, koma katapila akundisakabe. Ndiye munthu angasinthedi, kapena amene anabadwa wa kabaza ndi wa kabaza?

Malume a ku Joni: Uzinena kwa wakatapilayo kuti ndine wolemera, uone ngati akhulupirire kkkk

Asisi a ku Leeds: Achimwene, ntchito yanuyo ili ndi yankho. Ku London woyendetsa takisi zakuda zija salandira chiphaso asanaloweze misewu pafupifupi 25,000 ya pakati pa mzinda. Zimatenga zaka zitatu kapena zinayi, ambiri akuzungulira pa njinga yamoto ndi mapu kutsogolo. Eleanor Maguire anajambula ubongo wawo mu 2000 n'kupeza kuti kachigawo kosunga malo ndi njira, hippocampus, kanali kokulirapo chakumbuyo kwake kuposa ka anthu wamba. Pambuyo pake anatsatira ophunzira kuyambira poyamba: omwe anakhoza mayeso kachigawoko kanakula, omwe analekera panjira ayi. Ubongo wa munthu wamkulu umasintha, koma umasintha ndi zomwe ukuchita mobwerezabwereza, osati zomwe ukulakalaka.

Ndimazionanso kwa odwala sitiroko. Bambo wina kuno dzanja lamanja linafa. Wa mafizo amamuikira nyemba zouma m'mbale kuti azitola imodziimodzi kuika m'kapu. Poyamba zala zimangogwedera, nyemba kugwera pansi, iye kutukwana. Tsiku ndi tsiku, nyemba zomwezo. Pano amadzimangira mabatani a malaya. Mtima wosagonja unafunika, inde, chifukwa wogonja amakankha mbaleyo. Koma chomwe chinalumikiza njira zatsopano mu ubongo ndi kutola kuja.

Aphunzitsi Opuma: Mwalankhula bwino mwana wanga. M'kalasi ndinaona kuti mwana ukamutcha mbuli chaka chonse, amasiya kukweza dzanja, ndipo pofika Sitandade 8 wasandukadi chomwe unamutcha. Ukamuuza kuti samuyi sunaidziwe pakali pano, tiye tibwereze, amayesanso. Koma ndisakunamizeni kuti mawu okha amakhozetsa mayeso. Mwana wa njala, m'kalasi la ana oposa 100, buku limodzi ana asanu, mungamuuze mawu okoma motani, masamu salowa. Amene amati umphawi uli m'maganizo sanaphunzitsepo mwezi wa February kumudzi.

Dokotala Wamawa: Adadi mwagunda pomwe akatswiri anagunda. Mfundo yoti mwana aziuzidwa kuti nzeru zimakula ndi khama anaitchukitsa Carol Dweck wa ku Stanford. Atayesa pa ophunzira oposa 12,000 a ku America, zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti imathandizadi, makamaka ana omwe ankatsalira, koma kukwera kwa magiredi kunali kochepa. Kothandiza, osati kozizwitsa.

Wa Kabaza: Ndiye galasi ndilisiye?

Achemwali a ku Harare: Chitani za agogo a pa benchi. Lembani mavuto onse, musankhe limodzi. Katapila ndi angati, ndani ali ndi chiwongoladzanja chachikulu, pa tsiku mumapeza zingati, zingati zimapita ku kubetcha mpira.

Wa Kabaza: Asisi za kubetchazo mwazidziwa bwanji 🙈

Malume a ku Joni: Tonse tinaona sitetasi yako Loweruka mphwanga, unalira Arsenal ngati wafedwa.

Mnyamata wa Mapemphero: Ine ndikadali pa mfundo yanga kuti zozizwitsa zilipo. Koma za achemwali a NaBanda zandikhudza, ndikazinena ku gulu lathu.

Amayi a Mvano: Ukazinene ndithu. Anesi, ine za benchizo zandilowa. Ife Lachinayi lililonse timakumana, ndipo amayi ena amatha kusunga chinsinsi, ngakhale ena ayi, ndikuwadziwa. Tingayambire pati kuti atiphunzitse bwinobwino, tisamangopereka malangizo a m'mutu mwathu?

Anesi NaPhiri: Yambirani ku chipatala cha boma lanu, mufunse nesi kapena dokotala woona za matenda a maganizo, mumuitane adzalankhule Lachinayi lina. Mumupemphe akuphunzitseni zizindikiro zoti munthu uyu sitimusunga, timuperekeze lero: wokamba zodzipha, wosadya wosagona masiku angapo, womva mawu omwe ena sakumva, mayi wongobereka kumene yemwe sakufuna kuona khanda lake. Ndipo posankha amayi oti aphunzire, aja mukuwadziwawo muwapatse ntchito yophika tiyi.